Jombo za njinga yamoto: peyala imodzi ingakwane msewu wa kunyanja ndi pa track pomwe?

KLR_waSalima

Moni nonse akuluakulu apano. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete kwa miyezi ndithu koma lero ndati nane ndifunseko, poti nkhaniyi ikundizunguza mutu ndipo ndalama yake ndi yoti sindingaitulutse kawiri.

Ine ndimakhala ku Salima kuno chakufupi ndi Kamuzu Road. Kale ndinkayendera ka Lifo koma chaka chatha ndinadzimana nkugula njinga ya Kawasaki KLR 650 yakale kwa munthu wina ku Lilongwe. Amene munaikwerapo mukudziwa kuti chinthu chija nchachitali komanso cholemera, ukadzadza thanki chimayandikira makilo 200. Ndiye mwezi wathawu ndikuchokera ku Nkhotakota, nditangodutsa pa Thavite, mbuzi ziwiri zinangotulukira kuseri kwa ngolo, ine kugwira buleki nkukhotera kumbali komwe kumakhala mchenga uja wa m'mphepete mwa tala, tayala lakutsogolo linangoterereka basi. Sindimathamanga ayi, mwina 30, koma njinga inandigwera pa mwendo wakumanzere phazi lili pansi pake. Ndinali nditavala masefute akuntchito aja achitsulo kutsogolo. Zala sizinakhudzidwe olo pang'ono koma kakolo anapindikira mkati, pofika kunyumba anali atatupa moti madamu anachita kudula zingwe ndi lezala kuti nsapato ivuke. Kuchipatala anajambula, mwamwayi fupa silinathyoke, koma ndatha masabata atatu ndikutsimphina ndipo mpaka pano ndikaponda pansi m'mawa pamawawabe.

Ndiye ndatsimikiza zogula jombo zenizeni za njinga. Pomwe ndakakamira ndi apa. Maulendo anga ambiri ndi a M5, Salima Nkhotakota, nthawi zina mpaka Nkhata Bay ndi Mzuzu, kuphatikiza timisewu tafumbi tolowera kunyanja, ndipo ndimalakalaka tsiku lina kudzakwera phiri la Livingstonia kuchokera pa Chitimba. Koma achimwene anga amakhala ku Pretoria ali ndi ka Ninja 400, kanjinga kaliwiro ka pa tala, ndipo andiitana kuti ndikapitako tikachite track day, tsiku lomwe anthu wamba amathamangitsa njinga zawo pa bwalo la mipikisano, pa Zwartkops, ati akandibwereka njinga ndi suti yachikopa koma nsapato ndi magolovesi ndikhale ndi zanga chifukwa phazi lawo ndi laling'ono. Iwowo atha kundigulira ku Joni nkupatsira wa basi.

Ndigule ziti? Zampikisano zija za pulasitiki yambiri, za touring zosalowa madzi, kapena za adventure, za pa tala ndi pa fumbi pomwe, zomanga ndi mabakolo (ma buckle)? Komanso pa kaunjika wina ndinaona peyala yolembedwa dzina la ku Italy, yooneka bwinobwino, mtengo wake wozizira kwambiri, mtima ukundiuza kuti ndingotenga imeneyo. Ndithandizeni maganizo chonde.

MdalaWaDwangwa

Pepani nazo za mwendo achimwene, Mulungu wakusungani. Ine ndinakhalako ku Joni zaka zingapo ndipo ma track day ndinachitako, pano ndinabwerera kumudzi ndimayenda msewu womwewo mukunenawo pafupifupi sabata iliyonse, ndiye ndiyankhula zomwe ndaona mbali zonse ziwiri. Ndilemba zambiri mundipirire.

Choyamba mumvetse chifukwa chake sefute inakulepherani. Nsapato imene ija anaipangira munthu wa pa ntchito yomanga kapena mu fakitale, kuti njerwa kapena chitsulo chikagwa kuchokera m'mwamba chisaphwanye zala. Ntchito yake inagwira, zala zanu zili bwino. Koma pa njinga chomwe chimavulaza munthu si chogwa kuchokera m'mwamba, ndi kupindika kwa kakolo, kupanikizidwa kwa phazi m'mbali njinga ikakugonera, ndi kukhulika pa tala. Pamenepo sefute ilibe kalikonse, pa kakolo pali kachikopa kofewa ndi siponji basi. Onjezaninso zingwe zomwe zimatha kukola pa giya kapena popondera pa nthawi yomwe ukufuna kutsitsa phazi, ine ndinaona mnyamata akugwa njinga itaima kale pa roadblock chifukwa cha chingwe.

Chachiwiri, jombo iliyonse yomwe mungaone, musayambe ndi dzina lolembedwa kunja. Pisani dzanja mkati muyang'ane kansalu kosokedwa, pamakhala kachithunzi ka munthu ali pa njinga yamoto, kenako palembedwa EN 13634:2017 ndi manambala anayi, iliyonse imakhala 1 kapena 2. Yoyamba ndi kutalika, 1 ndi yolekeza pa kakolo, 2 ndi yokwera mpaka pa msongolo. Yachiwiri ndi kupirira kukhulika, amaikhuza pa lamba wamakwinya ngati sandipepa, kuti ipate 1 mbali zazikulu za jombo zimayenera kupirira masekondi 5 osabooka, kuti ipate 2 ndi masekondi 12. Yachitatu ndi kupirira kuchekedwa ndi chinthu chakuthwa. Yachinayi ndi imene ikukhudza ngozi yanuyo, amaifinya soli m'mbali kuona ngati ingaphwanyike, 1 ndi mphamvu ya 1 kN yomwe ndi ngati makilo 100, 2 ndi 1.5 kN. Ndiye kwa munthu wa njinga yolemera ngati yanu ine ndimati fufuzani 2 2 2 2. Zilembo zina zomwe mungaone pambali, IPA ndi chitetezo cha pa kafupa ka kakolo mukamenyetsa, IPS ndi cha pa msongolo, WR ndi yosalowa madzi.

Koma mvetsani apa chifukwa ambiri amaphonya. Manambala amenewa sakukuuzani ngati jomboyo ingaletse kakolo kupindika. Zimenezo muyesa nokha ndi manja. Gwirani kuphazi ndi dzanja limodzi, kumtunda ndi linalo, muyese kuipinda cham'mbali ngati mmene mwendo wanu unapindikira. Jombo yabwino imalola phazi kupita m'mwamba ndi pansi kuti muzitha kusintha giya ndi kuponda buleki, koma m'mbali imakana. Kenako muipotokole ngati mukufinya chovala chochapa, ikapotokoka mosavuta isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Pomaliza dinani kuchidendene ndi chala chachikulu, pakhale polimba gwa ngati kapu.

Tsopano zampikisano. Zija ngati Alpinestars Supertech R kapena za Sidi za pa track, pa nkhani yoteteza kakolo pa tala palibe zoziposa, zina zimakhala ndi kajombo kena mkati kokhala ndi hinji. Koma anazipangira munthu wokhala chowerama, woponda ndi kutsogolo kwa phazi, ndiye soli yake ndi yopyapyala komanso yosalala kuti uzimva popondera. Kunja kwa chala chaching'ono kuli kapulasitiki kapena kachitsulo komasula ndi sikuluwu kotchedwa toe slider, kamene kamakhula pansi ukagoneka njinga pa kona. Bweretsani jombo imeneyo pa mchenga wa ku Senga Bay kapena pa matope a mu Januwale muyese kuimika KLR ndi phazi limodzi, muterereka. Muyime pa zopondera kwa mphindi khumi pa msewu wa mabampu, pansi pa phazi pakuwawani. Kuyenda nayo pansi nkovutanso, imakukankhira kutsogolo ndipo imalira kwii kwii.

Ndiye langizo langa ndi lakuti tengani yapakatikati, yomwe amati sport touring, yaitali, ya zipi m'mbali ndi chomata, yokhala ndi chogwira kakolo chakunja ndi toe slider, mtundu wa Alpinestars SMX-6 kapena zofanana nayo za TCX kaya Forma. Imeneyo pa track akulandirani popanda funso ndipo pa M5 muyenda nayo tsiku lonse. Tsiku loyamba pa Zwartkops simukufunika jombo ya akatswiri, bwalo lija ndi lalifupi, makilomita 2.4 okha, ndipo akakuikani gulu la oyamba kumene. Chomwe ndingakuchenjezeni ndi kaponderedwe, ife ozolowera njinga zazitali timaponda ndi pakati pa phazi zala zitaloza kunja ngati bakha, pa Ninja mukatero chala chikhula pansi pa kona yoyamba yomwe. Bwezani phazi m'mbuyo muponde ndi kutsogolo kwake.

Namaseko_KK

Achimwene pepani kwambiri. Ine za track sindilowererapo, ndimagwira ntchito ya zaumoyo kuno ku Nkhotakota ndipo ndimayendera Yamaha AG200 kupita m'midzi. Ndingoti zomwe ndimaona. Anthu a ngozi za njinga amene amatipeza, makamaka anyamata akabaza ndi makasitomala awo, ambiri ndi miyendo, kuyambira pa bondo kutsika. Munthu wavala patapata, chikhadabo chazuka, chidendene chasendeka, wina wapsa ndi ekizozi pa katumba bala lake lozungulira lija lochedwa kupola. Ndipo kakolo akathyoka si nkhani ya sabata ziwiri, munthu amakhala mu chikhakha mwezi ndi theka kapena kuposa, kabaza waima, banja likuvutika. Ndiye mwachita bwino kuganiza zogula, musabwerere m'mbuyo.

Changa chimodzi ndi kutentha. Inu mukudziwa mmene kumakhalira kuno mu Okutobala ndi Novembala, 9 koloko m'mawa thukuta lili kale kamukamu. Ine ndinapatsidwa jombo zazitali zolemera ndipo ndinene zoona miyezi yotentha ndinkazisiya pakhomo nkuvala matenesi chifukwa mapazi ankachita matuza ndi linyetsu pakati pa zala. Tsiku lomwe ndinapsa ndi ekizozi jombozo zinali kunyumba pansi pa bedi. Ndiye posankha muganizire yoti mudzaivaladi ngakhale popita pa msika kukagula matemba, chifukwa ngozi yanu ija simunali pa ulendo wautali wokonzekera, inali mbuzi chabe pafupi ndi kwanu. Masokosi nawo ndi nkhani, pezani aatali opyapyala osasunga thukuta, muzikhala ndi ena osinthira m'chikwama.

Ndipo mwendowo musauthamangitse. Ngati ukuwawabe m'mawa bwererani akauonenso, muziupinda pang'onopang'ono ndi kuyeserera kuima ndi mwendo umodziwo mutagwira khoma. Kakolo yemwe anabinyapo amabinyanso msanga.

WaKuLinga

Salaam aleikum nonse. A Mdala a ku Dwangwa afotokoza bwino za manambala ndaphunzirapo, koma pa langizo lomaliza ine ndikusiyana nawo pang'ono, mundikhululukire bambo.

Achimwene, werengani masiku. Pa track mukapita tsiku limodzi, mwina awiri ngati achimwene anu ali ndi mtima wabwino. Masiku ena onse a chaka muli pa KLR pakati pa Salima ndi Mzuzu. Nanga bwanji mugule nsapato motsatira tsiku limodzi? Njinga yanu ndi ya fumbi, ndipo mwanena nokha za Livingstonia, msewu wa Gorodi uja ndi miyala ndi makona okhotakhota pafupifupi 20, pokwera umayima pa zopondera nthawi yaitali ndipo ukaphonya giya pa kona njinga imagona pompo. Pamenepo mukufunika soli yokhuthala yamano, yokhala ndi cholimbitsa mkati kuti chopondera chisakubooleni phazi, ndi chishango cholimba pa msongolo chifukwa miyala yothawa ku tayala lakutsogolo imamenya pamenepo. Imeneyo ndi ntchito ya jombo ya adventure, monga Sidi Adventure 2 kapena Alpinestars Toucan kapena Forma Adventure ngati thumba ndi lopepuka, ngakhale ya Forma ndi yofewako ndiye muiyese kupinda kuja anena a Mdala musanakhutire. Ngozi yanu ija, njinga kugonera phazi pa mchenga pa liwiro lochepa, ndi ngozi yeniyeni yomwe jombo za mtundu umenewu anazipangira.

Za pa track, achimwene anuwo afunse kwa okonza tsikulo kuti malamulo awo akuti chiyani pa nsapato, komanso ngati pali pobwereka kapena kuchita hayala. Ku Pretoria okwera njinga ndi ambiri, sangalephere kupeza mnzawo wa saizi yanu woti akubwerekeni tsiku limodzi. Chomwe sindingakulangizeni ndi kukwera Ninja ndi jombo ya adventure, kutsogolo kwake ndi kokhuthala sikulowa bwino pansi pa giya, komanso suti yachikopa kuilowetsa mkati mwake ndi ntchito. Pa KLR vuto limenelo ndi losavuta, mumamasula kabawuti ka giya nkuikweza dzino limodzi basi phazi lizilowa.

Za Gore-Tex ndinenepo chifukwa ndinaluzapo ndalama. Kansalu kamene kaja kamatchinga madzi akunja nkumatulutsa nthunzi ya thukuta, koma kuti nthunzi ituluke bwino kunja kumafunika kukhale kozizira ndi kouma kuposa mkati mwa nsapato. Ku Europe zimatheka. Kuno kunyanja mu Novembala kunja nkotentha ndi chinyezi, ndiye phazi limangosambira mu thukuta lake lomwe. Chinanso, madzi akalowera pamwamba, monga powoloka kamtsinje kodzadza kapena ukalowetsa thalauza mkati mwa jombo mvula ikugwa, madziwo satulukanso, umayenda ndi ndowa ziwiri kumapazi ndipo kuuma kwake ndi masiku awiri. Mvula ikamagwa thalauza lizikhala kunja kuphimba jombo. Komabe sindikuti ndi zachabe, mukakwera ku Chikangawa kapena ku Nyika mu Juni m'mawa mudzaithokoza, ndipo nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi imathandiza. Ine pano ndili ndi yosalowa madzi ndipo ndimangovomereza kutentha, koma mnzanga wina anasankha yopanda kansaluko nkugula zovala pamwamba pa nsapato za mvula zomwe amasunga pansi pa mpando, nayenso sadandaula.

Kanthu kena kakang'ono komwe ena sangakaganizire. Ine ndimavula nsapato kangapo pa tsiku polowa mu mzikiti, ndiye jombo ya mabakolo anayi ngati za motocross inanditopetsa, pofika pomasula lachinayi anzako ayamba kale swala. Ya mabakolo awiri ndi chomata pamwamba ndi yomwe ndinakhazikika nayo. Ngakhale inu osapita ku mzikiti, kwathu kuno ukafika pakhomo pa akuluakulu kapena pa maliro pomwe ayala mphasa umavula, ndiye muziganizireko.

MdalaWaDwangwa

A ku Linga mwanena zomveka, za masiku zija sindingatsutse. Ine ndinayang'ana kwambiri zoti ndalama ndi ya peyala imodzi ndipo munthu asakabwezedwe pa geti atayenda ulendo wonse uja. Koma ngati kobwereka kungapezeke ndiye inde, KLR ndi adventure zimayenderana. Chokhacho ndikakamirabe ndi chakuti asatenge zazifupi zolekeza pa kakolo ngakhale kutenthe bwanji, komanso adziwe kuti ma adventure ena ndi dzina chabe, kunja mabakolo ooneka aukali koma ukaipinda ili lobodo ngati gambutsi.

FundiWaNsapato

Mabwana ndaona nkhani ya kaunjika palibe waiyankha ndiye ndilowepo, ine ntchito yanga ndi yosoka nsapato pa msika kuno ku Salima zaka zambiri, ndipo jombo za njinga zimandipeza ndithu makamaka za azungu odutsa ndi za mabwana a ma NGO.

Pa kaunjika pamapezeka zenizeni, sindikana, ena apeza mwayi. Koma vuto lalikulu ndi zaka. Nsapato zambiri zamakono pakati pa soli pamakhala mphira wofewa uja wa PU, ndipo ameneyu amaola yekha ngakhale nsapato isavalidwe, chinyezi chimamudya pang'onopang'ono. Ndiye mupeza jombo kunja ili phuliphuli ngati yatsopano chifukwa mwini wake anangoisunga mu kabati zaka khumi, inu kuvala masiku atatu soli yonse nkusiyana ndi nsapato, mkati mukutuluka zinyenyeswa ngati chigumu chouma. Zoterezi amabwera nazo kwa ine ndipo guluu sagwira chifukwa pomata palibe, chilichonse chikungoyoyoka. Poyesa, kanikizani chikhadabo m'mbali mwa soli, ikanyenyeka kapena ikamamata m'manja isiyeni. Pindani kutsogolo muone ngati pakutseguka mlomo pakati pa soli ndi chikopa. Mapulasitiki nawo amauma ndi zaka, bakolo limathyoka ngati bisiketi.

Chachiwiri yang'anani ngati inagwapo kale. Mikwingwirima yakuya mbali imodzi, ulusi wodukaduka, pulasitiki ya pa kakolo yong'aluka, imeneyo inagwira kale ntchito yake pa mwendo wa munthu wina. Chachitatu zabodza zachuluka, dzina la ku Italy kunja koma ukapisa dzanja pa kakolo mulibe kalikonse kolimba, nthawi zina ndikang'amba ndimapeza katoni. Kansalu ka manambala kaja anena a Mdala nakonso amatha kukopera, ndiye musadalire kokhako, onani kasokedwe, yeniyeni m'malo ofunika imakhala ndi mizere iwiri ya ulusi yowongoka bwino, ndipo imalemera m'manja.

Ngati mukufuna bwerani nayo ndiione musanalipire, ogulitsa ambiri amalola ukasiya kachikole.

Mukagula, kaya yatsopano kaya ya kaunjika, mdani wake kuno ndi mchenga. Zipi zambiri zomwe ndimasintha zafa ndi mchenga wa kunyanja, munthu amakoka mokakamiza mano nkutha. Muzitsuka zipi ndi kamswachi kakale nkupakapo kandulo. Pamenepa mabakolo amaposa zipi chifukwa bakolo likathyoka umamasula sikuluwu nkuika lina, ndiye achimwene anuwo potumiza aikemo mabakolo ndi malamba apadera awiri kapena atatu, kuno simuwapeza. Ikanyowa musaiyanike pa mbaula kapena pa dzuwa la masana, chikopa chimauma nkusweka ndipo guluu amasungunuka. Chotsani kansoli kamkati, fwinyanimo manyuzipepala, ikani pa mthunzi podutsa mphepo. Nthawi ya mvula musaitsekere mu jumbo imachita chuku. Ndipo ngati ili yosalowa madzi, soli ikayamba kumatuka musalole munthu aisoke ndi zingano yobooleza mpaka mkati ngati mmene timasokera nsapato wamba, akabooleratu kansalu kaja madzi azilowa mpaka kalekale. Imeneyo imafuna guluu wabwino ndi kuipanikiza usiku wonse. M'mawa musanavale muzigwedeza kaye, zinkhanira ndi anankalizi amakonda mobisala motero.

KLR_waSalima

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mungandipatse nthawi yanu chonchi. A Fundi, ya pa kaunjika ija ndinapitanso dzulo madzulo kukaiyesa mmene mwanenera, nditakanikiza chikhadabo m'mbali mwa soli panatsala dzenje ndipo chala chinada ndi zinthu zomata, komanso yakumanja pulasitiki ya pa kakolo ili ndi mng'alu womwe tsiku loyamba sindinauone. Ndaisiya. Ndidzakupezani ndithu pa msika ikafika inayo kuti mundionetse za kandulo zija.

Achemwali a ku KK mawu anu andikhudza, za jombo kukhala pansi pa bedi tsiku la ngozi. Kuchipatala ndibwereranso Lachinayi.

Ndayankhula ndi achimwene pa WhatsApp usiku, ati ali ndi mnzawo wovala saizi yoyandikira yanga yemwe ali ndi zampikisano zakale zomwe sazigwiritsa ntchito, akamufunsa. Zikatheka ndiye nditsatira a ku Linga, ndigula ya adventure yaitali ya mabakolo awiri kapena atatu, ndipo ndawauza achimwene kuti mu shopu akaipinde ndi kuipotokola pa video call ine ndikuona, komanso ajambule kansalu ka manambala. Zikakanika kubwereka ndibwerera ku langizo la a Mdala.

Chomwe chatsala ndi saizi. Ine nsapato wamba ndimavala 9 koma phazi langa ndi lotambalala, ndinakulira osavala nsapato ku Lifuwu m'minda ya mpunga ndiye zala zinamwazikana. Ndikuopa kuti atumiza chinthu chodula nkudzapezeka chikundiluma, kubweza ku Joni si masewera. Ndiyeza bwanji?

MdalaWaDwangwa

Musawauze kuti 9, jombo zambiri za njinga zimalembedwa manambala a ku Europe ndipo 9 wathu amagwera cha pa 43, koma kampani iliyonse ili ndi chikombole chake. Chitani chonchi. Madzulo, phazi litatupako ndi kuyenda kwa tsiku, valani masokosi omwe muzidzakwera nawo, ikani pepala pansi mogundiza khoma, imani chidendene chitagunda khoma, wina alembe pomwe chala chachitali chalekeza ndi m'mbali monse mwa phazi pensulo itaima chilili. Yezani ndi rula mu masentimita, kutalika ndi kutambalala, mapazi onse awiri chifukwa salingana, mutsatire lalikulu. Popeza lakumanzere likadali lotupa dikirani liphwe kaye kapena mudalire lakumanja. Yezaninso kuzungulira katumba pomwe jombo izidzalekeza mutavala thalauza lokwerera, ambiri amaiwala pamenepa nkupeza bakolo lapamwamba silikutseka.

Kenako dulani pepalalo motsatira mzere mupatsire wa basi kapena munthu wopita ku Joni, achimwene akalilowetse pa kansoli kamkati ka jombo mu shopu momwemo. Pepala likamapindika m'mbali ndiye kuti ikulumani. Kutsogolo kutsale mpata ngati wa chala chimodzi cha m'manja chogoneka. Za Sidi zomwe ine ndavalapo zinali zopanikiza m'mbali, Forma ndi TCX ndinazimva zomasukako, ndiye kwa phazi la ku Lifuwu ayambire kumeneko. Ikafika muivale m'nyumba madzulo awiri atatu musanaipondetse panja, chidendene chisamanyamuke mukamayenda ndipo zala zizitha kugwedezeka. Kulimba kwa pa kakolo kusakuopseni, kumafewa pakatha sabata kapena ziwiri, koma kufupika ndi kupanikiza zala sikusintha chifukwa kutsogolo kuli chikombole cholimba.

Ulendo woyamba musapite nayo patali, zungulirani kaye Kamuzu Road mpaka Senga Bay ndi kubwerera kuti phazi lizolowere buleki yakumbuyo, poyamba simudzaimva bwino ndipo mutha kuiponda mopitirira.

WaKuLinga

Mukaizolowera mudzatiuze tsiku, tidzakumane pa mlatho wa Chia tidye chambo kenako tikuperekezeni mpaka pa Dwangwa kwa a Mdala. Sipanala ya 10 ndidzatenga ine tidzakwezere limodzi giya ija ngati mudzakhale musanaikweze.